Du Fu, Mlakatuli Amene Dziko Linamuzindikira Ali Kale M'manda

M'chaka cha 813, munthu wina wosauka dzina lake Du Siye anali pa ulendo wolemetsa. Ankasamutsa mafupa a agogo ake kuchokera m'dera limene lero ndi Hunan, kupita nawo kumanda a makolo ku Yanshi, pafupi ndi mzinda wa Luoyang. Agogowo anali atatsamira dzanja zaka 43 m'mbuyomo, koma banja linalephera kuwatengera kwawo chifukwa cha umphawi. Atafika ku Jiangling, mdzukuluyo anagogoda pakhomo pa mlakatuli wotchuka Yuan Zhen n'kumupempha kuti alembe mawu a pachiliza. Yuan Zhen anavomera, ndipo analemba zoposa zimene mwambo wa maliro unkafuna. Ananena kuti chiyambire ndakatulo m'dziko la China sipanaoneke wina wofanana ndi malemuwo, ndipo anawaika pamwamba ngakhale pa Li Bai, amene dzina lake linkadziwika kuyambira kunyumba yachifumu mpaka m'malo omwera mowa.

Malemuwo anali Du Fu, amene anabadwa mu 712 n'kumwalira mu 770, pa nthawi ya ufumu wa Tang. Lero mwana aliyense wa sukulu ku China amaloweza ndakatulo zake, ndipo zoposa 1,400 zilipobe. Koma ali moyo zinthu sizinali choncho. Cha mu 753, Yin Fan anasonkhanitsa m'buku limodzi ndakatulo za alakatuli 24 amene ankawaona kuti ndi akatswiri a m'badwo wake. Li Bai analimo, Wang Wei analimo, Du Fu munalibe, ngakhale anali atapitirira kale zaka 40. Buku lina la mtundu womwewo, la Gao Zhongwu, linasankha ndakatulo za m'zaka zimene Du Fu ankalemba zake zapamwamba kwambiri, koma nalonso linamudumpha. Fan Huang, amene anatolera ndakatulo zake 290 iye atangomwalira, anadandaula kuti anthu a kum'mawa kwa dzikolo ankangodziwako zanthabwala zokha.

Mbiri ya munthu ameneyu inamangidwa ndi anthu ena, pang'onopang'ono, kwa zaka mazanamazana. Funso loyenera kulilingalira ndi lakuti anaona chiyani mwa iye chimene anzake a m'nthawi yake sanaone, ndiponso chimene iwonso anaphonya pomutamanda.

Sanabadwire m'banja la anthu wamba. Agogo ake, Du Shenyan, anali mlakatuli wa kunyumba yachifumu, bambo ake anali mkulu wa boma, ndipo iye anakula akudziwa kuti njira yake ndi yomweyo: kulemba mayeso a boma, kupeza udindo, kulangiza mfumu. Cha mu 735 analemba mayesowo koma analemba m'madzi. Anakhala zaka zingapo akuyendayenda, ndipo mu 744 anakumana ndi Li Bai ku Luoyang. Li Bai anali wamkulu kwa iye ndi zaka 11, atangochotsedwa kumene kunyumba yachifumu, wotchuka kale, wokonda vinyo ndi mwezi. Anayendera limodzi miyezi ingapo, anaonananso chaka chotsatira, kenako sanakumanenso. Du Fu anapitiriza kumulembera ndi kumulota kwa moyo wake wonse, ndipo ndakatulo zake zonena za Li Bai n'zoposa 10, pamene za Li Bai zopita kwa iye n'zowerengeka ndi zala za dzanja limodzi.

Mu 746 anasamukira kulikulu, ku Chang'an, kumene lero kuli mzinda wa Xi'an. Chaka chotsatira mfumu Xuanzong inaitanitsa mayeso apadera kuti ipeze anthu aluso amene anatsalira kunja kwa boma. Nduna yaikulu Li Linfu, poopa opikisana naye, inaonetsetsa kuti pasapezeke wokhoza ngakhale mmodzi, kenako inakayamikira mfumu kuti anthu onse anzeru ali kale pantchito. Du Fu anali mmodzi mwa ogwa pamayesowo. Anatha pafupifupi zaka 10 akupempha thandizo pamakomo a akuluakulu, akulemba ndakatulo zotamanda anthu amene ena mwa iwo sankayenera kutamandidwa. Mbali imeneyi ya moyo wake siikoma kuiwerenga, koma iye sanaibise. Analemba poyera za manyazi a munthu wophunzira amene akudya zotsala patebulo la olemera.

Kumapeto kwa 755 anapatsidwa kaudindo kakang'ono kosunga zida ndi makiyi m'gulu la asilikali olondera mwana wa mfumu. Ananyamuka kukaona banja lake ku Fengxian, m'nyengo ya chisanu choopsa, ndipo njira inamudutsitsa m'munsi mwa phiri la Li, kumene mfumu ndi chiphadzuwa chake Yang Guifei ankasangalala pa akasupe a madzi otentha. Atafika kunyumba analandiridwa ndi kulira. Mwana wake wamng'ono anali atafa ndi njala.

Ndakatulo ya zilembo 500 imene analemba za ulendo umenewu ndi pamene Du Fu weniweni akuyambira. Bambo wina aliyense akanathera pa chisoni chake, ndipo palibe akanamudzudzula. Iye anapitirira. Anakumbukira kuti monga munthu wa banja la akuluakulu a boma sankakhoma msonkho ndipo sankalembedwa usilikali, n'kudzifunsa kuti ngati zoterezi zagwera iye, nanga mlimi wolandidwa munda ndi msilikali wa kumalire zikuwathera bwanji. Kutembenuka kumeneku, kuchoka pa bala lake n'kuyang'ana la mnzake, kunakhala chizindikiro cha ntchito yake yonse.

Patangopita masiku ochepa nkhondo inabuka. An Lushan, mkulu wa asilikali a kumalire a kumpoto chakum'mawa, anaukira boma mu Disembala 755. Luoyang anagwa, Chang'an anagwa mu 756, mfumu inathawira ku Sichuan, ndipo m'njira asilikali ake omwe anaikakamiza kulola kuti Yang Guifei aphedwe. Nkhondoyo inatha mu 763. Kalembera wa nkhondo isanayambe anapeza anthu pafupifupi 53 miliyoni, pamene wa mu 764 anapeza ochepera 17 miliyoni. Sikuti onse osowawo anafa, chifukwa ambiri anathawa kwawo ndipo boma linalibenso mphamvu zowerengera anthu m'zigawo zina. Komabe manambalawo akuonetsa kukula kwa chipasupasu chimene chinachitika.

Du Fu anabisa banja lake kumudzi wina ku Fuzhou n'kunyamuka kukafuna mfumu yatsopano, Suzong. Oukirawo anamugwira n'kupita naye ku Chang'an, kumene anakhala miyezi ingapo akuona mzinda wake uli bwinja, osadziwa ngati mkazi ndi ana ali moyo. Mu 757 anazemba n'kukafika kwa mfumu ku Fengxiang zovala zili sanza. Anapatsidwa udindo wokumbutsa mfumu pamene yalakwitsa. Iye anautenga udindowo monga mmene dzina lake linkanenera, n'kuikira kumbuyo nduna Fang Guan imene mfumu inali itaikwiyira. Anapulumuka chilango chachikulu, koma mu 758 anamutsitsa n'kumutumiza ku Huazhou. Maloto ake olangiza mfumu anathera pomwepo.

Mu 759 asilikali a boma anagonja koopsa ku Yecheng, ndipo akuluakulu anayamba kugwira aliyense woti n'kunyamula mkondo. Du Fu anali pa ulendo wochokera ku Luoyang, ndipo zimene anaona m'njira zinabala ndakatulo 6, zitatu zonena za akapitawo olemba anthu usilikali, zitatu zonena za kutsanzikana. Yodziwika kwambiri inachitikira m'mudzi wa Shihao. Mlendo wagona pakhomo pa nkhalamba ziwiri. Usiku kapitawo wafika kudzagwira amuna, bambo wokalambayo wathawa kudumpha mpanda, ndipo mayi ndi amene atuluka kukayankha. Akufotokoza kuti ana awo atatu anapita kale kunkhondo ndipo awiri aphedwa, kuti m'nyumbamo mwatsala khanda loyamwa ndi mayi wake. Kenako akudzipereka okha kuti apite kukaphikira asilikali. Kutacha, mlendoyo akutsanzikana ndi bambo yekha.

Ndakatulo yonseyo ili ndi zilembo 120 zokha, ndipo wolembayo sakunenamo maganizo ake. Sakulalikira, sakutukwana kapitawo, sakudzionetsa ngati ngwazi, pakuti iye anali m'nyumbamo usiku umenewo ndipo sanachitepo kanthu. Anali wantchito wa boma lomwelo limene linatuma kapitawoyo, ndipo ankafunitsitsa kuti oukira agonje, zimene zinkafuna asilikali. Mu ndakatulo ina ya m'gulu lomweli amafika potonthoza anyamata ogwidwawo kuti ntchito ikakhala yopepuka. Wowerenga wa lero akhoza kukhumudwa nazo, koma kuona mtima kwake kuli pomwepo. Anakana kunamizira kuti nkhondoyo inali yosafunika, anakananso kutseka maso pa mayi amene anailipira.

Chaka chomwecho anasiya ntchito. Anadutsa ku Qinzhou ndi ku Tonggu, kumene banja linafika pokumba mizu m'thengo kuti lidye, ndipo kumapeto kwa 759 anafika ku Chengdu. Kumeneko anamanga nyumba yofolera ndi udzu m'mphepete mwa mtsinje wa Huanhua, ndi thandizo la abale ndi abwenzi. Mbande za mapichesi, nsungwi, ngakhale mbale zodyera, ankazipempha kudzera m'ndakatulo zazifupi zimene ankatumiza kwa anzake. Zaka zimenezi zinali zopumirako, ndipo zolemba zake zinadzaza ndi mvula ya usiku, mbalame za pamtsinje, alendo obwera mwadzidzidzi, ana akusewera. Bwenzi lake Yan Wu, bwanamkubwa wa derali, pambuyo pake anamupezera udindo waulemu mu unduna wa zomangamanga. Mu 761 mphepo yamkuntho inasasula denga lake, ana a m'mudzi n'kuthawa ndi udzuwo iye akukuwa osamumvera, usiku mvula n'kudontha pogona ponse. Ndakatulo imene inatuluka pamenepo imathera pa kulakalaka nyumba yaikulu yoti n'kusunga ophunzira onse osauka a m'dziko, ngakhale iye mwini atafa ndi chisanu.

Mtima wabwino wokha sukanamufikitsa pamene alipa. Du Fu anali mmisiri. Mtundu wa ndakatulo umene anaukwezera pamwamba uli ndi malamulo okhwima: mizere 8, mzere uliwonse zilembo 5 kapena 7, chilembo chilichonse liwu limodzi. Chitchaina, monga Chichewa, chimasiyanitsa mawu ndi kukwera kapena kutsika kwa liwu, ndipo malamulowo ankanena malo amene liwu losalala liyenera kugwera ndi amene lokhota liyenera kugwera. Mizere inayi yapakati inkayenda iwiriiwiri moyankhana, dzina kuyankha dzina, nambala kuyankha nambala, mtundu kuyankha mtundu. Alakatuli ambiri ankagwiritsa ntchito kalembedwe kameneka pa maphwando ndi potsanzikana ndi abwenzi. Iye anakasenzetsa kugwa kwa ufumu, ukalamba, matenda ndi kusowa kwawo, zonse m'zilembo 40 kapena 56.

Luso limeneli linafika pachimake ku Kuizhou, pakhomo pa zigwa zakuya za mtsinje wa Yangtze, kumene anakhala kuyambira 766 mpaka 768 Yan Wu atamwalira. Anali wodwaladwala, chifuwa chikumuvuta, malungo akubwerabwera, khutu limodzi litagontha. M'zaka ziwiri zokhazo analemba ndakatulo pafupifupi 400. Pakati pake pali 8 zolumikizana zolingalira za nyengo ya kugwa kwa masamba, mmene maganizo amachoka pamtsinje umene akuuona n'kupita ku Chang'an wa m'chikumbumtima, n'kubwereranso, ndipo mawu amasanjidwa mwa njira imene akatswiri akhala akukanganirana tanthauzo lake mpaka lero. Koma m'miyezi yomweyo ankalembanso za kumanga khola la nkhuku, za wantchito amene anakwera phiri kukakonza mipope ya nsungwi yobweretsa madzi, za ndiwo zamasamba zimene zinakana kumera. Iye asanabwere, zinthu zoterezi sizinkaonedwa ngati zoyenera ndakatulo ya munthu wophunzira. N'kutheka kuti chimenechi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene a m'nthawi yake sanamumvetsere. Ankafuna mawu osalala ndi nkhani zozolowereka, iye n'kuwapatsa nkhondo, misonkho ndi nkhuku.

Anachoka ku Kuizhou ali ndi chiyembekezo chobwerera kumpoto, koma sanafike. Anamwalira mu 770 m'dera la mtsinje wa Xiang, atakhala miyezi yambiri m'bwato, ali ndi zaka 58.

Oyamba kumukweza anali a m'badwo wotsatira, amene anakulira m'mabwinja a nkhondo ija. Alakatuli Bai Juyi ndi Yuan Zhen ankafuna ndakatulo zonena za mavuto a anthu, ndipo anapeza kuti njirayo inali italambulidwa kale. Han Yu anadzudzula okonda kuyerekeza Li Bai ndi Du Fu pofuna kutsitsa mmodzi, n'kuwaika onse awiri pamwamba. Mu 886 Meng Qi analemba kuti anthu ankatcha ntchito yake mbiri yolembedwa m'ndakatulo. Ufumu wa Song ndi umene unamaliza ntchitoyo. Mu 1039 Wang Zhu anasonkhanitsa ndakatulo 1,405, ndipo mu 1059 bukulo linasindikizidwa ku Suzhou. Mlakatuli Su Shi anamutamanda kuti sankaiwala mfumu yake ngakhale pa nthawi ya chakudya. Mlakatuli wina, Huang Tingjian, anaphunzitsa kuti liwu lililonse la Du Fu lili ndi gwero lake m'mabuku akale, ndipo ophunzira anayamba kusakasaka magwerowo mzere ndi mzere. Dzina loti woyera mtima wa ndakatulo, limene limamuika m'gulu la anthu onga Confucius, linakhazikika pambuyo pake, m'nthawi ya ufumu wa Ming.

Chimene chimakhudza mtima pa mbiri imeneyi ndi nthawi zimene anthu ankamuthamangira. Likulu la Song, Kaifeng, litagwa mu 1127, othawa nkhondo anawerenga ndakatulo zake ngati zonena za iwo eni. Wen Tianxiang, nduna ya Song imene inakana kugwadira a Mongol, ali m'ndende mumzinda umene lero ndi Beijing anatola mizere ya Du Fu n'kuilumikiza kukhala ndakatulo 200 zofotokoza tsoka lake, asanaphedwe mu 1283. M'nthawi ya nkhondo ya China ndi Japan, mlakatuli Feng Zhi anamuwerenga ali wothawa kwawo, ndipo mu 1952 anatulutsa buku la moyo wake. Pa nthawi ya mtendere anthu ankasirira luso lake, koma zinthu zikafika pa mwana wakana phala ndi pamene ankamumva bwinobwino. Mbiriyo inaolokanso malire. Ku Korea ndakatulo zake zinamasuliridwa n'kusindikizidwa mu 1481, patapita zaka zoposa 30 chikhazikitsireni zilembo za dzikolo zotchedwa Hangul. Ku Japan, mlakatuli Matsuo Basho anamukumbukira ataima pa bwalo lakale la nkhondo ku Hiraizumi mu 1689. Mu 1952 William Hung analemba buku la Chingelezi lomutcha mlakatuli wamkulu koposa wa China, ndipo Stephen Owen anamasulira ndakatulo zake zonse m'mabuku 6.

Ulemu wotere uli ndi mtengo wake. M'badwo uliwonse unkasema Du Fu wogwirizana ndi zofuna zake. A Song ankafuna mtumiki wokhulupirika kwa mfumu, ndipo anamupeza, koma anachepetsa mkwiyo umene uli m'ndakatulo zake pa zochita za mafumu omwewo. Ophunzira ankafuna nkhokwe ya mawu akale, n'kukwirira ndakatulo ya mizere 8 pansi pa masamba ambirimbiri a ndemanga. Boma la chikomyunizimu poyamba linamutcha mlakatuli wa anthu wamba. Chithunzi chimene chinatsala m'mabuku a sukulu ndi cha nkhalamba yowonda yoyang'ana kutali ndi nkhope yachisoni, ndipo mwana amene waloweza pokonzekera mayeso sangaganize kuti munthu ameneyu ankaseka, ankadziseka yekha, ankaledzera, ndipo tsiku lina anagwa pa hatchi chifukwa chofuna kudzionetsa kuti akadali mnyamata, n'kulemba ndakatulo ya kugwako.

Kenako kunabwera womugwetsa. Mu 1971, mkati mwa chipwirikiti cha ndale za Mao Zedong, amene ankadziwika kuti amakonda Li Bai, wolemba wotchuka Guo Moruo anatulutsa buku loyerekeza awiriwa. Anati Du Fu anali wa gulu la eni minda. Anatenga ndakatulo ya denga ija n'kunena kuti udzu wake unali wofoleredwa mosanjikiza katatu, zimene wosauka weniweni sakanakwanitsa, kuti anatcha ana a amphawi akuba, ndiponso kuti nyumba yaikulu imene ankalakalaka inali ya ophunzira anzake, osati ya alimi. Ambiri lero amaliona bukulo ngati lolembedwa pofuna kusangalatsa olamulira. Komabe si zonse zimene linanena zili zabodza. Du Fu analidi ndi antchito, ku Kuizhou anali ndi munda wa zipatso ndipo ankayang'anira minda ya mpunga, ndipo sanaganizepo za dziko lopanda mfumu. Amene amamusandutsa mphawi wamba kapena womenyera ufulu akumunamizira, monganso anachitira amene anamusandutsa chifanizo cha kukhulupirika.

Yankho labwino kwa Guo Moruo lili mu ndakatulo ina yaing'ono ya mu 767. Pakhomo pa nyumba ya Du Fu ku Kuizhou panali mtengo wa zipatso za mtundu wa masau, ndipo mayi wina wamasiye woyandikana naye, wopanda mwana ndiponso wopanda chakudya, ankabwera kudzagwetsa zipatsozo. Iye ankangomusiya. Atasamukira kwina, nyumbayo anaibwereketsa kwa wachibale wake wachinyamata wa banja la Wu, amene atangofika anamanga mpanda. Du Fu anamulembera mizere 8. Sanamukalipire. Anamufotokozera kuti mayiyo sakanachita zimenezo pakanapanda umphawi, ndipo popeza amabwera ali ndi mantha, m'pofunika kumulandira mwansangala koposa. Anafika pomuchotsera mnyamatayo manyazi, ponena kuti mwina mayiyo akungodera nkhawa mlendo popanda chifukwa, komabe mpandawo ukuchititsa kuti nkhawayo ioneke yoona. Kenako anatchula gwero la zonsezo, misonkho imene inamukomba mayiyo mpaka kutsala wopanda kanthu, ndi nkhondo imene inkafuna misonkhoyo.

Wolemba mizere imeneyi analidi mwini mtengo, ndipo ankadziwa kuti ndi mwini mtengo. Anagwiritsa ntchito kalembedwe kapamwamba koposa ka m'nthawi yake, kamalamulo onse aja a kukwera ndi kutsika kwa mawu, pokambirana ndi wachibale za mpanda ndi ulemu wa mayi amene palibe buku la mbiri likanamutchula. Chaka chotsatira, pochoka ku Kuizhou, munda wake wa zipatso anaupereka kwa bwenzi lake ngati mphatso, n'kukweza banja lake m'bwato kulowera kum'mawa.